Nthiti za Atelala

5 Meyi

Mlongo wanga,

Moni. Kuno tili bwino, kaya iwe ndi ntchito yako yojambula anthu m'kati. Ndakulembera kalata chifukwa foni yanga inagwa dzulo n'kusweka. Ndawapatsira alamu athu atelala, amene akubwera kumeneko ndi mkazi wawo, mzime wa amayi, mwana wotsiriza m'banja lathu.

Mzime anagwa dzulo pa mpando akupachika makatani m'shopu ya mwamuna wake. Ukumudziwa mwana ameneyu, phuma kuyambira ali wamng'ono. Mkono wamanja watupa, mwina wathyoka, ndipo tsaya analimenyetsa pa tebulo. Si zambiri. Kuchipatala chathu chaching'onochi akuti ekisire yawo inafa. Ndiye poti iwe uli pachipatala chachikulu, muthamangitsire, amuike chikhakha, abwerere mawa lomwe. Usamutopetse ndi mafunso, pakamwa pakumupweteka.

Amayi akupereka moni. Mlamu wako, mkazi wanga, wapita kwawo kukaona makolo, moti ndikudziphikira ndekha ngati mbeta. Ku shedi ntchito ilipo, ndikuwotcherera mageti awiri. Undiyankhe kudzera kwa dalaivala wa basi yofiira ija.

Ine mchimwene wako.


7 Meyi

Achimwene,

Moni ndikupatsani chifukwa ndinu aakulu, koma mtima wanga suli m'malo. Mzime sabwera mawa, sabwera mkuja. Ali m'chipinda cha odwala mwakayakaya, akupumira makina.

Mumvetse mmene timagwirira ntchito kuno. Wovulala akafika, funso loyamba la dokotala ndi lakuti zinachitika bwanji. Akamva kuti wagundidwa ndi galimoto, wagwa padenga kapena wamenyedwa ndi chitsulo, sadikira kuona pamene patupa. Amamutumiza kwa ine ndimugoneke m'makina a sikani, ajambulidwe kuyambira kumutu mpaka m'chiuno, chifukwa chimene chimapha munthu wotere nthawi zambiri sichioneka kunja. Mphindi khumi zokha, zonse zili poyera. Koma akamva kuti wagwa pa mpando, amajambula pamene wodwala akuloza, basi.

Ine ndi pakamwa pangapa ndinamuwerengera dokotala kalata yanu. Mzime anangogwedeza mutu, atavala jekete la mwamuna wake dzuwa lonse lija. Anamujambula mkono, n'kumukhazika pa benchi kudikira chikhakha. Anakhala pamenepo kuyambira 10 koloko mpaka 2 koloko masana. Kenaka anapempha madzi, milomo itayera mbuu, ndipo ndisanabwere ndi kapu anali atatsetsereka pa benchi, ali pansi.

Dokotala wamkulu, mayi wosataya nthawi, anadula diresi lake ndi sizasi. Achimwene, m'nthiti zakumanzere za mzime muli mizere yakuda, yowongoka ngati yolemba ndi rula. Mpando susiya mizere.

Ndinamugoneka ndekha m'makina. Ndajambula anthu ambirimbiri, koma sindinaonepo m'kati mwa mwana amene ndinamubereka kumsana. Kapamba wang'ambika, magazi adzaza m'mimba. Nthiti zinayi zathyoka, nsagwada yathyoka, ndipo m'chigaza, pamwamba pa khutu, muli magazi. Anathamanga naye kukamuchita opaleshoni. Potuluka dokotala anandiyang'ana nati, "Mukanatiuza zoona m'mawa, bwenzi pano akulankhula nanu." Manyazi amene ndinachita sindingawafotokoze.

Nanga telala wanuyo? Tsiku lonse anangoima chotsamira khoma. Kukhala pansi ayi, kuthandiza kunyamula mkazi wake ayi, kupuma kwake kwa m'mwambam'mwamba ngati wakuba wobisala kuseri kwa chitseko. Ndinamufunsa katatu, katatu konse anati, "Anagwa, alamu," maso ali pansi. Ndinamusasantha chibakera cha pachifuwa. Mukanaona sewero lake! Anapindika, thukuta kamukamu, ngati ndamubaya ndi mpeni. Alonda anamutulutsa kunja kwa geti.

Ndi iyeyo, Achimwene. Wakunamizani nonse. Mwamuna pakhomo pathu ndinu, munthu ameneyu asaone mtendere.

Mlongo wanu.


12 Meyi

Mlongo wanga,

Moni. Kalata yako ndailandira ndipo ndaiwerenga kangapo. Zandikhudza kwambiri.

Tandiuza, makina akowo amaonetsa mpaka chimene munthu wamenyedwa nacho? Nanga amene wamenya, amamuonetsanso? Ndikungofunsa, ife a zitsulo, za sukulu zinatipita patali.

Mzime walankhulapo kanthu? Akatsitsimuka undidziwitse ine poyamba, osati amayi. Ukudziwa mtima wawo, angatigwere.

Telala anabwerera. Shopu watseka, sakutuluka. Anthu ayamba kunong'onezana, ena akuti chakuti, ena chakuti. Ine sindingachite kanthu ndi mawu a pakamwa panga okha, angati ndikudana ndi mlamu wanga. Undilembere pepala lina lomveka bwino, lonena kuti ndi iyeyo, usaine dzina lako ndi ntchito yako. Mawu a munthu wa kuchipatala anthu amawaopa. Zotsalazo undisiyire ine.

Ine mchimwene wako.


13 Meyi

Mwana wanga,

Ndikupatsa moni m'dzina la Ambuye. Ine ndilipo, miyendo yokhayi. Ndalemba ndekha ndi pensulo, ukhululuke zilembo zokhota. Kalatayi ndawapatsira mayi ogulitsa kaunjika aja, akuti abwera kutauni kudzaoda sabata ino. Kwa dalaivala wa basi sindingapereke, ndi mnzake wa mchimwene wako.

Mwana wanga mzime ali bwanji? Akudya? Watsegula maso? Makalata ako mchimwene wako sandiwerengera. Amangoti ali bwino, n'kuwapinda, n'kuika m'thumba la ovolosi.

Ndamva kuti unawathamangitsa atelala kuchipatala. Unalakwa, mwana wanga. Iwe unatenga mtima wa malemu bambo ako, umayaka usanafunse. Munthu uja sakudya. Ndikamupititsira chakudya ndimachipeza mmene ndinachisiyira, iye ali chogona chafufumimba chifukwa chagada sangathe. Uwaitanenso adzakhale pafupi ndi mkazi wawo, achoke kuno msanga.

Ndipo ndakugwira mwendo, usalembenso kalikonse kwa mchimwene wako kokhudza atelala. Usandifunse chifukwa. Pali zinthu zimene mayi sangalembe ndi dzanja lake.

Ndine mayi ako.


17 Meyi

Achimwene,

Moni. Ndili ndi nkhani yabwino pang'ono. Mzime watsegula maso dzana ndipo amuchotsa pa makina opumira. Kulankhula sangathe, nsagwada anaimanga ndi mawaya, amamwa phala lamadzimadzi ndi kapaipi. Mkono wamanja uli m'chikhakha. Koma akundizindikira.

Ndinamunong'oneza kuti asaope, telala sadzamukhudzanso, Achimwene akuiyendetsa nkhaniyi. Mukanaona mmene anachitira! Maso anatuluka, mutu uku ndi uku, misozi chuchuchu, mpaka anamwino anachita kumubaya jakisoni kuti agone. Ndi mantha amenewo. Kungomva za mwamunayo thupi lonse likunjenjemera. Ndiye zaka zinayi zonsezi mwana wathu amakhala bwanji m'nyumba imene ija, ife tikuti anapeza mwamuna wofatsa?

Mwafunsa za makina. Amene wamenya samuonetsa. Amaonetsa chimene chathyoka, ndiponso ngati chathyoka lero kapena kale, chifukwa fupa likayamba kupola limaoneka mosiyana.

Pepala munapempha lija ndaliika m'kalata muno, ndasaina. Ndalemba kuti mabala a mzime ndi a chitsulo, ndipo amene anabwera naye n'kunama kuti anagwa ndi mwamuna wake. Mukalipereke kupolisi.

Nanga amayi bwanji ali chete? Mwana wawo ali chonchi, osalemba ngakhale mzere umodzi?

Mlongo wanu.


23 Meyi

Mlongo wanga,

Moni. Ntchito unandipatsa ija ndaigwira.

Kupolisi sindinapite, amachedwetsa zinthu. Lero masana, msika utadzaza, ndinakwera pa kireti pamaso pa mashopu n'kuwerenga pepala lako mokweza, ndi kalata yako yoyamba ija, pamene unanena za kapamba ndi magazi m'chigaza. Ndisanamalize azimayi a tomato anali atayamba kale kukuwa.

Chitseko tinachithyola ndi chitsulo. Tinamupeza ali pa makina ake, akusoka diresi la buluu, akuti la mkazi wake lodzatulukira m'chipatala. Taona chipongwe! Anamukoka miyendo, mutu ukugunda masitepe onse atatu. Panja anthu anamugwera ndi njerwa, matabwa, wina ndi unyolo wa njinga. Wogulitsa nyama wa pamsikapo anamuponda dzanja lamanja pa mwala mpaka linamveka kuti phwa. Wina ananyamula mutu wa makina osokera n'kumuponyera m'chiuno. Munthu wake wouma mtima, osakuwa, osapepesa. Amangondiyang'ana n'kumati, "Alamu, alamu," magazi akutuluka m'makutu. Ine sindinamukhudze kwambiri, anthu ndi amene anakwiya.

Apolisi anafika wina atapita kukatenga petulo. Anaombera m'mwamba, anthu n'kubalalika. Amutengera kwanuko pa galimoto yawo, akupumabe.

Akafika pa makina akowo usachite naye phuma. Adikire pa benchi monga anadikirira mzime.

Ine mchimwene wako.


25 Meyi

Amayi,

Moni. Kalata yanu ya pa 13 yandipeza dzulo. Mayi a kaunjika aja anadwala, inakhala m'chikwama mwawo masiku khumi ndi limodzi. Yafika limodzi ndi ya Achimwene yosimba zimene anachita kumsika. Ndawerenga zonse ziwiri nditakhala pansi m'bafa ya kuntchito.

Atelala anafika dzana madzulo, dzuwa lisanalowe. Wapolisi ananena zoona pakhomo pomwe, kuti gulu la anthu, njerwa ndi matabwa. Dokotala sanafunsenso zambiri. Pasanathe mphindi khumi ndi zisanu anali pa bedi la makina anga, nkhope yosazindikirika. Sindikubisirani, Amayi. Ndinaima chala chili pa batani, ndikuganiza za maola anayi a mzime pa benchi paja. Ndinkafuna afe. Koma dokotala anali kumbuyo kwanga, ndinadina.

Zinatuluka zambiri. Magazi m'chigaza, phapo limodzi laphwa, chiwindi chang'ambika, mafupa a m'chiuno asweka. Kunja sizikanaoneka zonsezi, ndipo akanati ayambe ndi dzanja lophwanyikalo bwenzi titawataya. Dokotala akuitana a opaleshoni, mwadzidzidzi anaima n'kuloza pa galasi ndi cholembera. Anati, "Izi si za lero."

Nthiti zisanu za kumsana, pafupi ndi fupa la pakati, ndi fupa la phewa. Zonse zothyoka mu mzere umodzi wowongoka, ndipo pothyokapo payamba kale kumera fupa latsopano, lotupa ngati pamene Achimwene awotcherera chitsulo. Dokotala anati ndi za masabata awiri kapena atatu apitawo. Ndinawerenga masiku m'mutu, anagwera pa tsiku limene mzime anavulala. Munthu womenya mnzake sathyoka kumsana, Amayi. Amathyoka kumsana ndi munthu amene wagona pamwamba pa mnzake kuti amutchinge.

N'chifukwa chake sankakhala pansi tsiku lija. N'chifukwa chake sanathe kunyamula mkazi wawo. Ndipo ine, chitsiru chophunzira, ndinamenya chibakera munthu wothyoka nthiti zisanu, n'kumuseka kuti akuchita sewero.

Ndinathamangira kwa mzime ndi pepala, chinthu chimene ndikanachita sabata yatha ndikanakhala ndi nzeru. Ndinamugwiritsa cholembera ku dzanja lamanzere n'kumufunsa kuti anakumenya ndani. Zinamutengera nthawi, zilembo zikuluzikulu zogwa uku ndi uku ngati za mwana wa sitandade wani. Analemba kuti ACHIMWENE. Pansi pake anawonjezera kuti, amuna anga ali kuti.

Ndinangopinda pepalalo n'kuliika m'thumba. Atelala achitidwa opaleshoni, sanadzukebe. Ali chipinda chachitatu kuchokera pamene wagona mkazi wawo.

Kalatayi ndapatsira wapolisi amene anabwera nawo, akupatseni m'manja. Mundiuze zonse, Amayi. Dzanja lanu lilembe, lifune lisafune.

Mwana wanu.


28 Meyi

Mwana wanga,

Moni. Ndilemba, poti Mulungu anaona kale.

Mlamu wako, mkazi wa mchimwene wako, sanapite kukaona makolo. Mchimwene wako anamumenya m'mawa wa tsiku lija mpaka diso kutsekeka. Anathawira m'shopu ya atelala, mzime n'kumubisa kuseri kwa nsalu, kenaka n'kumukweza basi. Masana mchimwene wako anabwera kuchokera ku shedi ndi paipi ya geti m'manja. Ine ndinali pakhonde. Anafunsa kuti mkazi wanga ali kuti. Mzime anati, "Ndamukweza basi, ndipo akabwerera ndidzamukwezanso."

Paipi yoyamba anaitchinga ndi mkono. Yachiwiri inamupeza pa tsaya, anagwa n'kumenyetsa mutu pa tebulo lodulira nsalu. Ali pansi anapitiriza, m'nthiti, m'nthiti, ngati akupha njoka. Atelala anali kuseri akusita. Analowa chothamanga, ndipo poti munthu uja sadziwa ndewu, anangodziponya pamwamba pa mkazi wawo. Paipi inatera pa msana pawo mpaka inapindika. Ndinachita kumugwira miyendo mchimwene wako ndi kumuluma kuti asiye. Foni yake anaiswa yekha pakhoma, ataona kuti ndikufuna kukuimbira.

Za mpando ndinapeka ndine. Ndinagwada pamaso pa atelala, ine mayi wa imvi, magazi a mwana wanga ali m'mawondo. Ndinati mwana wamwamuna ndili naye mmodzi, akalowa m'ndende ndifa. Iwo anati, "Amayi, dzukani, ndamva. Sindidzanena." Ndipo sananene. Kumsika kuja ndinalipo. Ndinaima pafupi ndi ogulitsa makala, sindinatulutse liwu.

Tsopano ndikupempha. Mchimwene wako sakudziwa kuti wadziwa. Makalata ake ung'ambe. Adokotala uwapemphe asalembe za nthiti zakalezo, ndani angazifunse? Mzime ndidzalankhula naye ndekha, ndi mwana womvera. Za kumsika zigwere gulu, gulu salimanga. Zinachitika zinachitika, mwana wanga, kumanga mchimwene wako sikulumikiza fupa la munthu. Usanditayitse mwana ndili moyo.

Ndine mayi ako.


1 Juni

Amayi,

Moni. Mwafunsa kale ngati mzime akudya. Akudya, ndipo dzulo anayenda yekha mpaka pakhomo la wodi.

Atelala adzuka. Dokotala akuti akhala moyo, chifukwa zonse zinaoneka msanga ndipo anayamba ndi zimene zikanawapha. Kuyenda adzayenda ndi ndodo. Dzanja lamanja zala zitatu azidula. Kusoka kwatha.

Dzulo wapolisi anabwera kudzawafunsa. Ine ndinali pomwepo, mzime ali pa njinga ya odwala pambali pa bedi, atagwira dzanja lawo lotsalalo. Wapolisi anafunsa kuti akazi anu anavulala bwanji pa 4 Meyi. Munthu uja, mano akutsogolo palibe, mawu akuchita kutuluka ngati mphepo, anayang'ana kudenga nati, "Anagwa pa mpando, bwana."

Ndinatuluka panja kukalira. Lonjezo limene munawagwadira lija akulisungabe, Amayi, ndi thupi limene lawatsalira.

Ndiye ine ndawamasula. Makalata onse a Achimwene ndapereka kupolisi, ndi pepala la mzime, ndi zithunzi za nthiti. Ndaperekanso mawu anga, kuti pepala limene linawerengedwa kumsika ndinalemba ndine, ndipo ndine ndinati munthuyu asaone mtendere. Akuluakulu a kuntchito andiitana Lachisanu. Mwina makina aja sindidzawagwiranso, ndipo sindidandaula. Yanu yokha ya pa 28 ndaisunga. Imeneyo mudzanena nokha ndi pakamwa panu. Mmene kalatayi ikukupezani Achimwene adzakhala atatengedwa. Mundida, ndikudziwa. Inenso pakali pano sindikudzikonda.

Koma pakhomo pathu anthu agwa mokwanira. Ndikukumbuka ndili wamng'ono, bambo ali moyo, inunso munkagwa. Munagwa kubafa, munagwa pa sitepe, munagwa potunga madzi, ndipo ife tinkauza aneba momwemo chifukwa ndi mmene munatiphunzitsira. Achimwene ankaima pakhomo la kuchipinda n'kumaonerera. Mpaka lero kukazizira mumagwira m'nthiti zakumanzere, mumati ndi chibayo.

Bwerani ndi basi ya Lachinayi. Mzime akukufunani, ndipo atelala afunsa kawiri ngati amayi ali bwino. Ndidzakuchingamirani pa geti, tidzapite limodzi kwa dokotala akaone m'nthitimo. Adzakufunsani funso lake lija, kuti zinachitika bwanji. Mudzayankhe nokha, Amayi. Ine sindidzawerengeranso dokotala kalata ya munthu.

Mwana wanu.